Madala a rock ku Biwi anayamba akamba kaye za nyimbo zawo

Ine ndine woimba gitala ya bezi. Ndinaphunzirira kutchalitchi kwathu ku Area 25, kenako ndinayamba kugwira maganyu m'maukwati, m'zinkhoswe ndi m'mabandi a achinyamata amene amaimba chilichonse chimene eni mwambo afuna. Chaka chatha ndinaitanidwa ndi gulu la madala amene anayamba kuimba rock kuno ku Lilongwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, likulu litangosamuka kumene kuchoka ku Zomba. Woimba bezi wawo anamwalira kale, bandi n'kungoti zii, mpaka mwini malo ena achisangalalo cha ku Area 47 anawapempha kuti adzaimbenso. Dzina la bandiyi sinditchula poti eni ake sanandituma. Chimene ndikufuna kufotokoza ndi mmene anakonzekerera, chifukwa ndikudziwa kuti ku Kawale, ku Chilinde, ku Mchesi ndi kwina kuli magulu akale amene akuganiza zobwereranso, komanso kuli achinyamata amene adzaitanidwa ngati ine kukaima pamene pankaima malemu.

Atsala atatu. Woimba patsogolo, yemwenso amaliza lidi gitala, tonse timangowatcha Achikulire. Wa rizimu gitala ndi Aphunzitsi, poti anapuma ntchito ya uphunzitsi. Wa ng'oma ine ndimawatcha Amalume. Tsiku loyamba ndinafika kunyumba kwa Achikulire ku Biwi nditabereka bezi kumsana, ndikuyembekeza phokoso. Ndinapeza ma ampu ali ofunditsidwa zitenje, patebulo pali katoni ya makaseti, wailesi yakale ya kaseti ndi kope la sukulu lothothoka chikuto.

"Mwanawe, gitalayo ipume kaye," anatero Achikulire. "Sungaimbe nyimbo usanadziwe kuti inabadwa bwanji."

Ndipo kwa masabata oyambirira ntchito yaikulu inali imeneyo. Kaseti ilowe, nyimbo ilire mpaka kumapeto, wina asalankhule. Ikatha, mafunso ake anali omwewo: anapeka ndani, chinachitika n'chiyani kuti apeke, inali mu kiyi yanji, ndipo kodi lero tingaiimbe osachita manyazi? Aphunzitsi ankalemba mayankho m'kope latsopano.

Apa ndi pamene ndinamva kumene kaimbidwe kawo kanachokera. Poyamba sankapeka zawo ayi. Ankamvera zimbale za Deep Purple, Santana ndi Jimi Hendrix, kubwezera singano pamalo amodzimodzi mpaka zala zidziwe popita. Chimene chinawatembenuza ndi nyimbo za ku Zambia zimene zinkalowa kudzera ku Mchinji: WITCH, Amanaz, koma makamaka Paul Ngozi ndi Ngozi Family. Ngozi ankaimba m'Chinyanja uku gitala ikulira mokalipa, ndipo Achikulire akuti atamva zimenezo anazindikira kuti chilankhulo chathu sichiopa gitala ya fuzz, yolira mosasa ndi mokalipa ija. Madala athuwa anali oimba rock ometa bwinobwino, chifukwa nthawi ya a Kamuzu mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo iwo ankakwera basi kupita ku Blantyre kukajambulitsa ku Chichiri, onse kuimba pamodzi. Wina akaphonya, kuyambiranso kuyambira pachiyambi. Pamwamba pa zonsezi panali Censorship Board, nthambi ya boma younika ndi kuletsa nyimbo, mabuku ndi mafilimu, yomwe inabwera ndi lamulo la 1968, ndiye wopeka aliyense ankayeza mawu ake asanawatulutse pakamwa.

Nyimbo imene inanditsekula maso ndi ya mkamwini. Pa kaseti imamveka ngati nthabwala ya pachinkhoswe: mkamwini akudandaula kuti apongozi ake amaima panjira ya kudimba, ya kumsika, ngakhale ya kuchipatala, ndipo sadutsa asanawaonetse kanthu m'manja. Aliyense wa kuno kuchigawo chapakati amadziwa za chikamwini, ndiye munthu wa msinkhu wanga akhoza kungoseka n'kuvina. Amalume anandiyang'ana n'kufunsa, "Mphwanga, apongozi oima panjira ya kuchipatala unawaonapo kuti?" Apongoziwo anali a Youth League, achinyamata a chipani cha MCP, amene ankaima pamisika ndi pokwerera mabasi kufunsa khadi la chipani. Anthu ankamva, koma palibe amene ankanena. Achikulire akuti nyimboyi ikayamba, m'holo munkayamba mwakhala bata pang'ono, anthu kuyang'anana, kenako n'kudzuka onse. Referendamu ya 1993 itadutsa, anthu anayamba kuiitanitsa mokuwa, koma iwo akuti kukoma kwake kwenikweni kunali nthawi ija inkaimbidwa ndi mantha.

Nditamva zimenezi, bezi ya nyimboyo inasintha m'manja mwanga. Malemu ankamenya manoti ochepa, olemera, akumachedwa pang'ono kumbuyo kwa ng'oma, ngati munthu woyenda akucheukacheuka. Pa kaseti zimenezi zinkamveka, koma tanthauzo lake silikanapezeka pa kaseti. Mnzanga woimba amene waitanidwa kukalowa m'malo mwa wina, funsa nkhani ya nyimbo iliyonse. Zala zimatsatira zimene mutu wamva.

Pali china cha makaseti chimene chingakusokonezeni. Kaseti yokoperedwa kuchokera ku inzake, kapena yoliritsidwa pa wailesi imene lamba wake watha, siyenda pa liwiro loyenera. Ikathamanga pang'ono, nyimbo imakwera ndipo imafulumira, ikachedwa, imatsika. Nyimbo zingapo zinkamveka pakati pa makiyi awiri, osakhala A osakhala B flat. Chimene chinatiweruza ndi kope lakale la Aphunzitsi, mmene munali makodi olembedwa ndi pensulo nthawi imene nyimbozo zinkapekedwa. Kumene kope linalibe yankho, tinkafunsa zala za Achikulire: riff, kachidutswa ka gitala kobwerezabwereza, imene imagwiritsa ntchito nsambo yosagwira, yolira osaipana ndi chala, imakuuza yokha kuti inapekedwa mu E kapena mu A.

Kenako panabwera nkhani yovuta kuikamba pamaso pa munthu wamkulu. Mawu a Achikulire anatsika. Manoti amene ankawafika ali ndi zaka makumi awiri lero amawafika mokakamiza, mitsempha ya pakhosi itaima. Anaiyambitsa okha, ndipo ndinawalemekeza kwambiri chifukwa cha ichi. "Ndisadzafere pa siteji chifukwa chofuna kupikisana ndi kaseti," anatero. Koma kutsitsa kiyi pa nyimbo za rock si kungosuntha dzanja monga timachitira kukhwaya ndi batani la pa kiyibodi. Riff ikachoka pa nsambo zosagwira imataya kulemera kwake. Tinachita chimene magulu ambiri akale amachita: tinatsitsa machunidwe a magitala onse ndi sitepe yathunthu, E kukhala D, kuti zala zikhale pamalo akale koma mawu atsike. Nsambo zikamasuka chonchi zimagwedera n'kumagunda pa mafreti, choncho tinagula zokhuthalako. Pa bezi ndinakwezanso pang'ono nsambo kuti zitalikirane ndi mafreti, zisalire ngati malata. Ngati mukufuna kutero, gulani nsambo msanga ndipo muziikeko masiku angapo shoo isanafike, chifukwa zatsopano zimataya machunidwe mpaka zitakhazikika, ndipo zokhuthala sizipezeka m'sitolo iliyonse m'tauni muno.

Mkangano waukulu unabuka pa nyimbo imene inali yotchuka kuposa zonse. Inapekedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Edzi itangoyamba kumveka m'dziko muno. Wodwala woyamba anadziwika mu 1985. Mawu ake amanyoza mtsikana wa m'bala kuti ndiye wabweretsa kaliwondewonde m'mudzi, ndipo kolasi yake imamuseka mmene waondera. Chuni chake n'chokoma zedi, ng'oma yake imakudzutsa pampando usanaganize. Kaseti itatha, Achikulire anangoti, "Iyi ayi."

Amalume sanagwirizane nazo. Anati anthu akulipira pageti chifukwa cha nyimbo imeneyi, ndipo mbiri siisinthidwa. Ndi mmene aliyense ankaganizira nthawi imeneyo. Achikulire anayankha motsitsa mawu kuti amene ankawaseka aja anawaika m'manda pamodzi ndi anzawo a m'bandi, ndipo matendawo sanafunse kuti wa m'bala ndani, wa m'banja ndani. Ananenanso kuti kuyambira 2004, pamene ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma, pali anthu ambiri amene ali moyo, akulera zidzukulu, ndipo ena a iwo adzakhala pansi pa siteji usiku umenewo. "Ndiwayang'ane m'maso ndikuimba zimenezi?"

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Aphunzitsi anapereka maganizo akuti mawu alembedwe atsopano, koma Achikulire anati kutero n'kunamizira kuti akale aja sanalembedwepo. Anagwirizana kuti nyimboyo iimbidwe yopanda mawu, gitala itenge malo a woimba. Amalume anang'ung'udza kuti umenewo ndi msuzi wopanda nyama, komabe anavomera. Ine sindinafunsidwe, ndipo sikunali kwanga kulowerera, koma mumtima ndinali mbali ya Achikulire, ndipo ndikadali komweko. Kutchuka kwa nyimbo sikumukakamiza mwini wake kubwereza mawu amene lero akumupweteka.

Nyimbo za malemu woimba bezi zinabweretsa nkhani ina imene ndikufuna oimba onse aimve. Pa zikuto za makaseti panangolembedwa dzina la bandi, osatchula wopeka. Palibe nyimbo ndi imodzi yomwe imene inalembetsedwa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, ngakhale bungweli lakhalapo kuyambira 1992 ndipo likulu lake lili kuno ku Lilongwe konkuno. Madala ankangoti zinali za tonse. Koma pamene tinkadutsa nyimbo imodziimodzi, zinaoneka kuti si zoona: ina mawu ndi chuni zonse zinali za malemu, ina mawu anali a Aphunzitsi koma riff ya Achikulire, ina anabwera nayo mnyamata wa kiyibodi amene anapita ku Johannesburg osabwerako. Lamulo la copyright, lomwe linakonzedwanso mu 2016, limateteza nyimbo ngakhale mwini wake atamwalira, ndipo phindu lake limayenera kupita kwa a pabanja lake. Koma n'kovuta kuti lamulo lithandize mayi wamasiye ngati palibe pepala lonena kuti mwamuna wake ndiye anapeka.

Achikulire anatuma uthenga kwa mayi a kunyumba kwa malemu, amene amakhala ku Chinsapo. Anabwera Loweruka lina ndi mwana wawo wamkazi, anakhala pamkeka, anamvera nyimbo za amuna awo osanena kanthu. Atafunsidwa, anakumbukira zambiri kuposa madala onse atatu: kuti nyimbo ina inapekedwa usiku umene mwana wawo woyamba anagonekedwa kuchipatala, kuti vesi yachitatu ya ina inasiyidwa pojambula chifukwa tepi inali itatsala pang'ono kutha. Vesiyo anaiimba pomwepo, ndipo tinaibwezeretsa. Aphunzitsi analemba m'kope dzina la wopeka mawu ndi wopeka chuni pa nyimbo iliyonse, onse anasaina, mayi aja nawonso anasaina. Anagwirizananso kuti pa ndalama za shoo, gawo limodzi lipite ku Chinsapo.

Musadikire maliro kuti muchite zimenezi. Wambali Mkandawire anatisiya mu 2021, Lucius Banda mu 2024, ndipo oimba a mbadwo umenewo amene sanatchuke ngati iwo akupita mwakachetechete, nkhani za nyimbo zawo n'kupita nawo limodzi. Tikaona Black Missionaries akuimbabe nyimbo za Evison Matafale chimwalirireni iye mu 2001, timadziwa kuti nyimbo ikhoza kukhala zaka zambiri mwini wake kulibe, malinga pali anthu oidziwa bwino amene akuisunga.

Makaseti aja ndinawatenga kuti ndiwasamutsire pa kompyuta, ndipo si ntchito yofuna situdiyo. Pezani deki ya kaseti yoyenda bwino, pukutani mutu wake ndi thonje lonyowetsa ndi spirit, lumikizani ndi waya ku laputopu, ndipo jambulani ndi Audacity, pulogalamu yaulere ya pa intaneti. Sungani ngati WAV, osati MP3, ndipo ikani m'malo angapo: pa kompyuta, pa flash, ndi kwa munthu wina wa m'gululo. Kaseti yakhalitsa m'katoni muyambe mwaizunguza ndi bolopeni kuti muone ngati tepi sinamatane, ndipo ya nkhungu musaiike m'deki musanaipukute. Musatumizirane pa WhatsApp n'kumati mwasunga, chifukwa foni ikatayika zonse zapita. Ndinajambulanso ndi foni zokambirana za madala zija, atandilola, ndipo kwa ine zimenezo n'zamtengo wapatali mofanana ndi nyimbozo.

Ma ampu atavundukulidwa, pulakatisi inayenda msanga modabwitsa, poti aliyense ankadziwa kale chimene nyimbo ikufuna. Ndondomeko ya nyimbo tinaikonza poyang'ana mphamvu za anthu, osati kutchuka kwa nyimbo. Amalume ali ndi BP ndipo manja awo amatopa, ndiye nyimbo zothamanga sitinaziike motsatizana. Zofuna mawu okwera tinaziika chapakati pa gawo loyamba, khosi litatenthera koma lisanatope. Tinagawa shoo pawiri ndi kupuma pakati, ndipo ku siteji kunali madzi osazizira, mowa ayi. Achikulire khutu lawo lamanzere silimva bwino chifukwa cha zaka zoima pafupi ndi ampu, choncho monita yawo, sipika imene woimba amadzimverapo, tinaiika kumanja, ine n'kuima mbali imene angandione zala.

Za malo ochitira shoo ndinene mwachidule. Gwirizanani pa pepala: ndalama zingati, zidzaperekedwa liti, zoimbira ndi thiransipoti alipira ndani. Madala akale anazolowera kugawana za pageti, koma mvula kapena mpira wa pa TV zikhoza kukusiyani opanda ngakhale ya minibasi. Ife tinapempha mtengo wokhazikika, theka lisanafike tsiku. Funsani za jenereta, ndipo onetsetsani kuti zoimbira sizikugawana waya ndi mafiriji a m'bala, chifukwa firiji ikamayaka ndi kuzima masipika amalira. Ampu ya Achikulire ndi ya ma valve, yakale, ndipo magetsi osinthasintha akhoza kuiotcha, ndiye tinabwereka stabiliser. Pitani masana mukayese zoimbira anthu asanabwere, ndipo woyendetsa mikisa mumuuze kuti awa ndi a rock: achinyamata ambiri a pa mikisa anazolowera kukweza bezi ndi kiki, ng'oma yaikulu yoponda ija, n'kubisa gitala, pamene kuno gitala ndiye mwini nkhani.

Tsiku la shoo kunali kutentha kwa Okutobala. Tisanakwere, Achikulire anatisonkhanitsa kuseri kwa siteji, Aphunzitsi anapemphera, kenako anawerenga maina a anzawo onse amene anadutsa m'bandiyi n'kumwalira. Anali ambiri kuposa amene tinaima pamenepo. Anthu anabwera ochuluka ndithu: opuma ntchito ku Capital Hill ndi akazi awo, amalonda akale a mu Old Town, ndi ana awo amene anakula akumva makaseti amenewa m'galimoto za makolo.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti zokambirana za ku Biwi zija zinakwera nafe pa siteji. Achikulire si munthu wolankhulalankhula, koma nyimbo iliyonse ankaiyamba ndi mawu awiri atatu. Pa ya mkamwini anangofunsa kuti, "Alipo muno amene anabwezedwapo pamsika chifukwa cha khadi?" Manja anakwera ambiri, ndipo achinyamata anatembenuka kuyang'ana makolo awo. Pa nyimbo ya malemu anatchula kuti wopeka ndi ndani, n'kuloza pamene panakhala mayi aja ndi mwana wawo. Vesi yachitatu ija itafika, amene ankaimba nafe anangokhala chete chifukwa sankaidziwa, kenako anaomba m'manja isanathe.

Nyimbo yopanda mawu ija sinayende monga tinakonzera. Ng'oma itangoyamba anthu anakhamukira kutsogolo, ndipo pofika pa kolasi gulu lina la azibambo linayamba kuimba mawu akale aja lokha. Achikulire anachoka pa maiki, anatembenukira kwa Amalume, n'kukweza gitala mpaka inaphimba mawuwo. Ena anakuwa kuti aimbe. Sanaimbe. Itatha anabwerera pa maiki n'kunena kuti mawu a nyimbo imeneyo anawalemba ali mnyamata wosadziwa, ndipo sadzawaimbanso. Ena anaomba m'manja, ena anang'ung'udza, bambo wina anatuluka. Amalume mpaka lero amati tikanangoisiyiratu kapena kuiimba yonse, ndipo nkhaniyi sinathe pakati pa awiriwa.

Sabata yotsatira Aphunzitsi ndi mwana wa malemu anapita ku COSOMA ndi kope lija kukayamba zolembetsa. Nyimbo zimene eni ake alipo kapena mabanja awo akudziwika zikuyenda. Zatsala za mnyamata wa kiyibodi wa ku Johannesburg uja. Aphunzitsi anamva kuti mchemwali wake amakhala ku Mponela, ndipo akukonza zopitako mvula isanayambe.